Muzura wa ku Wamkulumadzi ndi Mbona wa ku Khulubvi

M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, ananyamuka ku Tete ulendo wapansi wopita ku Kilwa, doko la kunyanja ya mchere m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. M'katundu wake munali siliva wa ku Chicoa. Atawoloka Zambezi n'kuyenda masiku angapo, anafika pamudzi waukulu wa mfumu yotchedwa Muzura. Anamulandira bwino, anapumulapo pafupifupi milungu iwiri, ndipo potsazika anapatsidwa anthu omuperekeza. Akatswiri a mbiri yakale amene alondola njira ya Bocarro, pakati pawo Yusuf Juwayeyi, amati mudziwo unali kuno kwathu, m'dera la Mwanza ndi Neno, komwe kumadutsa mtsinje wa Wamkulumadzi.

Muzurayu sanali mfumu wamba. Mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kutsidya la Zambezi kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo za kwa Mwenemutapa. Mu 1622, Apwitikizi omwewo atamubwezera dzanja, anagonjetsa Lundu, mfumu ya Amang'anja ya kuchigwa cha Shire, ndipo mphamvu zake zinamveka mpaka kugombe la Mozambique. Kaya anali Kalonga weniweni, mfumu yaikulu ya dzikolo, kapena munthu wongodzikweza ndi nkhondo, ophunzira amatsutsanabe. Chimene sichitsutsidwa n'chakuti pafupifupi zonse zomwe tikudziwa za iye zachokera m'mapepala a Apwitikizi. Mukakwera kwa Dambe kapena kwa Chekucheku, mukatsikira ku Lisungwi ndi ku Zalewa, simumva dzina lake m'kamwa mwa anthu monga momwe mungamvere dzina la Inkosi Gomani. Komabe tchulani Mbona, munthu amene anthu amati anaphedwa m'nyengo yomweyo, wopanda gulu la nkhondo, wosalembedwa ndi Mpwitikizi aliyense wa masiku amenewo, muona nkhope za akuluakulu zikusintha. Ngakhale mwana wasukulu amadziwa kuti dzinalo limayenda ndi mvula.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyambira kumene makolo ankayambira nkhani zawo zonse, ku Kaphirintiwa, kaphiri ka m'mapiri a Dzalanyama kumalire ndi Mozambique. Amati pachiyambi kunali Chauta ndi dziko louma. Tsiku lina kunagwa chimvula, ndipo mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika nacho atanyamula khasu, mtondo ndi lichero. Chauta anatsika nawo pamodzi ndi nyama zonse. Thanthwe linali lidakali lofewa, choncho mapazi awo anadindika pamenepo. Anakhala mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo ndi zochepa zokha, monga galu ndi mbuzi, zomwe zinathamangira kwa munthu. Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nalamula kuti munthu azifa n'kumutsatira, kuti azikathandiza kugwetsa mvula yozimitsa moto umene anayatsa yekha.

Taonani mmene nthano imeneyi inamangira pamodzi zinthu zitatu: moto wa chilimwe, imfa ndi mvula. Aliyense amene anaonapo mapiri a Kirk akuyaka usiku mu Okutobala, kenako mitambo n'kuyamba kusonkhana, amaimva nthanoyi popanda womumasulira. Kwa makolo, mvula inali nkhani ya akufa, ndipo wolankhula ndi akufa anali ndi mphamvu yoposa ya mwini mkondo. N'chifukwa chake kusanabwere mafumu a Chiphiri, dziko linkayendera makachisi. Ku Msinja, pafupi ndi Kaphirintiwa, kunali Makewana, mayi wosakwatiwa ndi munthu, amene mwamuna wake ankati ndi Thunga, mzimu wooneka ngati njoka. Mafumu atafika ndi ufumu wa Kalonga, anapeza kuti nthaka angailande, misonkho ya minyanga angailandire, koma mvula ili m'manja mwa ena.

Pa mafumu amene anapatukana ndi Kalonga n'kulowera kumwera panali Kaphwiti ndi Lundu. Mbiri ya pakamwa imati anachoka chifukwa cha mkangano wa mwabvi. Kaphwiti anakhazikika cha ku Wamkulumadzi, pomwe Lundu anapitirira n'kumanga likulu lake ku Mbewe ya Mitengo, m'boma la Chikwawa. Kotero mtsinje wathuwu ukupezeka kawiri m'mbiri imeneyi, m'mapepala a alendo ndiponso m'kamwa mwa eni dziko.

Tsopano nkhani ya Mbona yeniyeniyo. Ndiifotokoza monga imamvekera kawirikawiri, podziwa kuti mudzi uliwonse uli ndi kafotokozedwe kake.

Kunagwa chilala. Mbewu zinapserera, zitsime zinaphwa, ndipo mfumu inaitana wovina mvula wake, mkulu wotchedwa Mlauli. Wowerenga wa kuno asasokoneze munthu wa m'nthanoyu ndi ufumu wa Mlauli womwe tili nawo m'boma lathu lino la Neno. Uyu ndi wa zaka mazana anayi zapitazo. Mlauli anavina, thukuta kamukamu, koma kumwamba kunangoti mbee. Anavinanso, osaphula kanthu. Pamenepo anthu anatchula mphwake, mnyamata wofatsa wotchedwa Mbona, mwana wa mlongo wake Chembe. Mbona atalowa m'bwalo, mitambo inayamba kuda, mphepo inatembenuka, mvula inakhuthuka. Ena amawonjezera kuti asanavine anachenjeza kuti ana onse atsekeredwe m'nyumba, koma mwana wina wa akuluakulu anazemba n'kutuluka, mphenzi n'kumupha.

Apa ndi pomwe nthanoyi imandigwira mtima, chifukwa mdani wa Mbona sanachokere kutali. Ndi malume ake enieni, mwini mbumba, munthu amene pachikhalidwe chathu ndiye woyenera kumuteteza, kumuimira pa milandu, ndi kumusiyira dzina tsiku lina. Mwamuna wa Chimang'anja amadziwa kuti wodzalowa m'malo mwake ndi mwana wa mlongo wake, ndipo chikondi cha pakati pa awiriwa nthawi zina chimakhala ndi mantha mkati. Mlauli anaona kuti mphwake wamulanda ulemu iye adakali moyo. Anamunena kuti ndi mfiti, kuti ndiye ankamanga mvula kuti adzaoneke wamphamvu poimasula. Anati amwe mwabvi. Mbona anakana, nathawira kumwera.

Ulendo wothawawo ndi umene ofotokoza amaukometsa kwambiri. Omulondola akamuyandikira, ankangoona nkhanga zikuuluka, kapena chitsamba pomwe panali munthu, kapena nkhungu itatchinga njira. Pomwe anagona, thanthwe linasunga chizindikiro cha thupi lake, ndipo anthu a kuchigwa amalozabe miyala yotere. Potsiriza anatopa. Anamupeza kufupi ndi dambo la Ndindi m'boma la Nsanje, koma mikondo ndi mipeni zinkangopindika pathupi pake. Mbona mwiniwake ndiye anawauza chinsinsi: chitsulo sichingamuphe, koma tsamba la bango kapena udzu lingathe. Anamudula mutu ndi chinthu chofookacho. Magazi ake anayenderera n'kusanduka mtsinje, pamalo potchedwa Ndione. Mutu wake unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, ndipo posakhalitsa mzimu wake unalankhula kudzera mwa munthu wogwidwa, kufuna kachisi ndi mkazi. Lundu anamvera. Mkaziyo anatchedwa Salima, dzina lomwe aliyense wolowa m'malo mwake ankalitenga, ndipo amati Mbona ankamuyendera usiku ngati nsato.

Nkhani zimasiyana. Ena amati Mbona anathawa kuchokera ku Kaphirintiwa komwe, zomwe zikutanthauza kuti anatsika motsata mapiri ndi mtsinje wa Shire. Ena amati zonse zinachitikira kuchigwa. Ena amati wolamula kuti aphedwe anali Lundu mwiniwake, osati Mlauli. Ena amati Chembe anatenga pakati osadziwa mwamuna. Wansembe wa Chikatolika wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anafika kuchigwa cha Shire m'zaka za m'ma 1950 n'kutha zaka zambiri akumvetsera akuluakulu, sanataye nthawi kufunafuna kuti yoona ndi iti. M'buku lake la River of Blood, lomwe linatuluka mu 1992, anasonyeza kuti kafotokozedwe kalikonse kali ndi eni ake: a kubanja la ufumu amakamba mokomera ufumu, osunga kachisi mokomera kachisi, anthu wamba mokomera wozunzidwa. Maganizo ake anali akuti kachisi wa nsato analipo kale Mbona wophedwayo asanatchuke, ndipo kuti cha m'ma 1600 Lundu, pofuna kuti mphamvu zonse zikhale zake, anaphwanya kachisi wakaleyo mwankhanza n'kuikapo wake. Zaka zimenezo ndi zomwe Azimba, ankhondo amene ophunzira ambiri amawagwirizanitsa ndi Lundu, ankasautsa chigwa cha Zambezi, mpaka anapha akuluakulu a Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete mu 1592. Mtsinje wa magazi uja, tikatsata Schoffeleers, sungakhale wa munthu mmodzi. Ndi magazi a anthu ambiri omwe mayina awo anatayika, ndipo anthu anawasonkhanitsa onse m'dzina limodzi.

Ine ndimakhulupirira kuti apa ndi pomwe pali yankho la funso lakuti n'chifukwa chiyani Muzura anaiwalika pomwe Mbona akukumbukiridwabe. Muzura anapambana nkhondo, koma sanasiye kanthu komwe mlimi angakafune chaka ndi chaka. Kupambana kwake kunali kwa iye ndi anzake a malonda a minyanga. Nkhani ya Mbona inapatsa anthu wamba chida: inawauza kuti mfumu ingathe kulakwa, kuti mwabvi ungathe kunamizira wosalakwa, ndiponso kuti wophedwa mopanda chilungamo sathera pomwepo. Inakakamiza ngakhale mbumba ya Lundu kuti izigwada pamalo pomwe, malinga ndi ofotokoza ena, kholo lawo linachimwira. Anthu amasunga nthano imene ikuwagwirira ntchito, monga momwe mayi amasungira mbewu ya mapira imene inapirira chilala, zinazo n'kuzisiya.

Si ife tokha tili ndi ngwazi zoterezi. Dziko la Ireland, chilumba cha kumadzulo kwa Britain, lili ndi nthano zakale zomwe munthu wa kuno angazimve ngati za kwawo. Yotchuka kwambiri ndi Táin Bó Cúailnge, nkhani ya nkhondo yolanda ng'ombe. Mfumukazi Medb ya ku Connacht inasonkhanitsa ankhondo kukalanda nkhunzi yofiirira ya ku Ulster, ndipo mnyamata mmodzi, Cú Chulainn, anawatchinga yekha pamadooko a mitsinje, kumenyana nawo mmodzimmodzi. Mngoni wa kumapiri a Neno, amene agogo ake ankayeza ulemu wa munthu ndi ng'ombe ndi chishango, sangafunse chifukwa chomwe anthu angafere nkhunzi. Imfa ya Cú Chulainn nayo ili ndi fungo lomwe tikulidziwa. Atalasidwa, anadzimangirira kumwala woimirira kuti afe ali chilili, ndipo adani ake anaopa kumuyandikira mpaka khwangwala atatera paphewa pake. Kenako anamudula mutu. Kudera la Louth kuli mwala womwe anthu amati ndi womwewo. A ku Ireland analinso ndi mwambo wonse wofotokoza chiyambi cha mayina a malo, wotchedwa dindshenchas: phiri ili linatchedwa chonchi chifukwa wakuti anafera apa, mtsinje uwu unabadwa pomwe mkazi wakuti anamira. Ndi nzeru yomweyo imene inabala Ndione ndi mapazi a pa Kaphirintiwa, yomangirira nkhani pamwala ndi pamadzi kuti isauluke.

Kusiyana kwake n'kwakuti nthano za ku Ireland zinalembedwa msanga. Amonke achikhristu ndiwo anazikopera pazikopa. Buku la Lebor na hUidre linalembedwa cha m'ma 1100 ku Clonmacnoise, ndipo lina, Book of Leinster, linatsatira m'zaka za m'ma 1100 momwemo. Mlembi wa buku lachiwirili, atamaliza kukopera nkhani ya nkhunzi ija, anawonjezera mawu ake m'Chilatini onena kuti sakhulupirira zonse zomwe walembazo. Ndimamulemekeza munthu ameneyo. Chikhulupiriro chake sichinagwirizane ndi nthanozo, koma sanaziwotche; anazilemba mosamala kuti adzukulu adzaweruze okha. Patapita zaka mazana ambiri, boma la Ireland linakhazikitsa bungwe lotolera nthano mu 1935, ndipo kuyambira 1937 ana asukulu oposa 50,000 a m'masukulu 5,000 anatumidwa kukafunsa agogo awo ndi anansi, n'kulemba masamba pafupifupi 740,000. Ndikaganiza za masukulu a kwa Symon, kwa Mlauli, kwa Dambe ndi kwa Chekucheku, ndimalakalaka ntchito yonga imeneyo itachitika kuno agogo athu adakalipo: kope, cholembera, ndi funso lakuti dziwe ili, phiri ili, mlambe uwu, zinatchedwa chonchi chifukwa chiyani.

Koma tisadzione ngati otsalira. Cú Chulainn lero ndi chifanizo chamkuwa m'nyumba ya positi ya ku Dublin, ndipo palibe amene amamuthirira nsembe. Mbona sanalowe m'buku n'kugonamo. Anapitiriza kulowerera m'zochitika za dziko.

Azungu a mishoni ya UMCA atafika kuchigwa cha Shire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, anamva za iye, ndipo Henry Rowley analemba za kachisi wake wina wa paphiri la Thyolo. Inali nyengo yoopsa. Ogula akapolo anali paliponse, njala ya 1862 ndi 1863 inapulula midzi, ndipo Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone anatsala ku Chikwawa n'kulanda ufumu m'manja mwa mafumu a Chimang'anja. Mphamvu za Lundu zinagwa. Kachisi wa ku Khulubvi anapulumuka, ndipo alendo omwe anadzadza chigwacho pambuyo pake, makamaka Asena ochokera ku Mozambique, ambiri anamulandira Mbona ngati mwini nthaka yomwe afikapo. Izi zimandiuza kuti nthanoyi sinali ya fuko limodzi. Inali ya aliyense wolima pamenepo.

Nthawi ya atsamunda, nkhaniyi inavalanso malaya ena. Anthu atamva ulaliki wa amishoni za munthu wosalakwa, wobadwa mwa namwali, woperekedwa ndi anthu ake, wophedwa n'kukhalabe ndi moyo, anati ifetu tikumudziwa wotere. Schoffeleers anamva anthu akunena kuti Mulungu ali ndi ana awiri, Yesu wa azungu ndi Mbona wa anthu akuda. Akhristu ambiri mawu amenewa amawawawa, ndipo ndikumvetsa. Komabe ndimaona momwemo anthu amene akukana kuuzidwa kuti Mulungu anafika m'dziko lawo pa sitima ya pamadzi. Pambuyo pa njala ya 1949, boma la atsamunda linalimbitsa malamulo a malimidwe, kukakamiza anthu kuunda mizere ndi kulipiritsa kapena kumanga okana. Kuchigwa, komwe nthaka ndi yathyathyathya ndipo alimi ankadziwa kuti mizere siithandiza, kunabuka chomwe anthu anachitcha nkhondo ya mitumbira, ndipo mawu ochokera kwa Mbona anali kumbali ya alimi. Munthu wophedwa zaka mazana atatu m'mbuyomo ankatsutsana ndi alangizi a boma, ndipo anthu ankamumvera iye.

Olemba athu nawonso anachita mbali yawo. Samuel Josiah Ntara analemba Mbiri ya Achewa ndipo E.W. Chafulumira analemba Mbiri ya Amang'anja, onse m'zaka za m'ma 1940, m'chilankhulo chathu chomwechi. W.H.J. Rangeley anasindikiza nkhani ya Makewana mu 1952 ndi ya Mbona mu 1953. Kenako m'zaka za m'ma 1970, pomwe kulankhula mosabisa za mtsogoleri wansanje wopha achinyamata aluso kukanamutengera munthu kundende, Steve Chimombo wa ku Chancellor College analemba sewero la The Rainmaker lokamba za Mbona. Palibe akanamuletsa kufotokoza nthano ya makolo, ndipo omvera anali ndi makutu awo.

Lero Khulubvi idakalipo, kankhalango kowirira pakati pa dera lomwe mitengo yambiri inatha. Ili m'manja mwa mafumu Ngabu ndi Malemia a ku Nsanje, pansi pa Lundu, yemwe ufumu wake waukulu unabwezeretsedwa nthawi ya Kamuzu Banda. Malamulo ake ndi akale omwe aja: sudula mtengo, supha nyama, sulowa ndi nsapato, ndipo nsalu yoyenera pamenepo ndi yakuda, mtundu wa mitambo ya mvula. Kachisi akafuna kumangidwanso, midzi imasonkha. Mu 2011 boma la Malawi linaika Khulubvi ndi makachisi ena a Mbona pamndandanda wa malo omwe likufuna kuti bungwe la UNESCO lidzawazindikire ngati chuma cha dziko lonse lapansi, monga linachitira ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Ulemu umenewo ukadzabwera ndidzakondwera nawo, koma amene ateteza mitengo ya pa Khulubvi mpaka lero, m'zaka za nkhondo, za njala ndi za madzi osefukira, ndi anthu a m'midzi yozungulira, omwe amasowa nkhuni ngati wina aliyense koma salowamo ndi nkhwangwa.